Google mumailipila, wolemba mumamupatsa zikomo

Mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela monga mlendo wa usiku, mu Lusaka munabadwa akatswili a sola ambili kupambana mabatile. Aliyense amene anali na kashopu anapachika panelo pakhomo. Sitikuwaseka, munthu afunika kudya. Koma mmodzi wa iwo ndiye watilembetsa nkhani ino, mdala wina wa kutchalitchi kwathu amene ali na shopu ku Kamwala. Anabwela ku wailesi kumene timasewenza modzipeleka kudzafunsa mtengo wa malonda a masekondi 30. Tili mkati mokambilana, anatulutsa foni n'kuyamba kudandaula. "Imwe bana banga, ivi va malonda pa intaneti ni kutaya chabe ndalama. Naika ndalama mwezi wonse, palibe olo muntu umozi ananitumila foni."

Tinawafunsa kuti malondawo analemba ndani. Anati mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa Grade 12, "uja aziba maningi va mafoni." Nanga munamulipila zingati? Anaseka. Anamugulila bandulo ya intaneti, n'kumuuza zikomo.

Tinapempha kuti tione akaunti yawo ya Google Ads. Mitu ya malonda inali itatu: Best Solar Company in Zambia, Quality Services, We Are Number One. Liu losakila limene mnyamata anasankha linali limodzi chabe, solar. Ndiyeno tinatsegula lipoti imene Google imapeleka, yoonetsa mau amene anthu analemba asanaone malondawo na kuwadiniza. Apo m'pamene ofesi yonse inakhala chete, kenako n'kuphulika na kuseka. Munali solar jobs in Lusaka. Munali free solar training. Munali how to make a solar panel at home. Ndipo munali solar system planets, kutanthauza ana a sukulu amene anali kufuna kudziwa za Jupiter na Saturn kuti amalize homuweki. Onsewa anadiniza, ndipo kiliki iliyonse inachotsa ndalama m'thumba la mdala.

Chimene chinadula kuseka n'chakuti mmodzi wa ise anaulula kuti mwezi womwewo nayenso analemba solar jobs pa foni yake, n'kudiniza malonda oyamba amene anaona. Sitidziwa ngati anali a mdala uyu. Koma taganizilani. Ise achinyamata osowa nchito tinali kudya ndalama za mdala pofunafuna nchito, pamene nchito yeniyeni imene mdala anafunika kulembapo munthu, yolemba malondawo bwino, anaipeleka kwaulele kwa mwana wa sukulu.

Mkwiyo wathu wagona apa. Amalonda a kuno amalipila Google mosanyinyilika. Sakamba kuti "nichitileko discount", sakamba kuti "nizakuona month end". Khadi la banki limangochotsedwa ndalama, iwo n'kuvomela. Koma munthu amene alemba mau, amene asankha kuti ndalamazo zigwele pa wogula kapena pa mwana wofuna Jupiter, amamuona monga wothandizako chabe. Tikamba kuti izi ni kulakwa, ndipo kulakwa kwake si kwa chifundo chokha ai. Ni kulakwa kwa masamu.

Tiyeni tifotokoze mmene chinthuchi chisewenzela, chifukwa ambili amene amaikamo ndalama sanauzidwepo. Mukalemba chinthu pa Google, pamwamba pamabwela mayankho ena olembedwa kuti Sponsored. Amenewo ni malonda. Mwini wake salipila poonekela pamenepo. Amalipila pamene munthu wadiniza, ndiye chifukwa chake amati pay-per-click. Nzelu imeneyi inachuka na kampani ya GoTo.com ku America mu 1998. Google inayamba AdWords mu 2000, inayamba kulipilitsa pa kiliki mu 2002, ndipo mu 2018 dzina linasintha kukhala Google Ads. Choncho si zatsopano. Zatsopano ni ife.

Nthawi iliyonse munthu akasakila chinthu, kumachitika okushoni ya kanthawi kochepa kuposa kuphethila kwa diso. Amalonda onse amene afuna mau amenewo amapikisana. Koma wopambana si wa ndalama zambili nthawi zonse. Google imayang'ananso ngati malonda anu ayankha zimene munthu wafunsa, ngati anthu amakonda kuwadiniza, komanso ngati peji imene munthu afikapo akadiniza ili na zimene munalonjeza. Imakuonetsani mamalikisi a zimenezi, kuchoka pa 1 kufika pa 10, amene imacha Quality Score. Malonda olembedwa bwino angakhale pamwamba pa a munthu amene waika ndalama zambili, ndipo angalipile zochepa pa kiliki. Mvetsani bwino pamenepa. Mau amene mwalemba amasintha mtengo umene mulipila. Pa wailesi si choncho. Kwa ise, malonda oipa na malonda abwino mtengo ni umodzi. Pa Google, kulemba mwaulesi kuli na msonkho wake.

Tiyelekeze chabe, manambala awa si mitengo ya Google, ni osewenzetsa powelengela. Tinene kuti kiliki imodzi ni K5, ndipo mwaika K100 pa tsiku. Ndiye makiliki 20. Pa mwezi ni ndalama yopitilila pang'ono K3,000. Ngati mwa anthu 20 aja, 12 ni ofuna nchito, ofuna maphunzilo aulele na ana a homuweki, ndiye kuti K60 pa tsiku mwaiponya mu ngalande. Pa mwezi ni K1,800. Ndalama imeneyi siinapite kwa wolemba, siinapite kwa mwana wa mlongo wanu, siinabwele kwa inu. Ndipo inu muli pa shopu, mukondwela kuti munapulumutsa ndalama posalemba munthu nchito.

Munthu wodziwa nchitoyi akanayamba na chinthu chimene mnyamata wa Grade 12 sanamvepo, ndandanda ya mau okana, amene pachingelezi amati negative keywords. Mumauza Google kuti munthu akalemba jobs, free, course, planets, musamuonetse malonda anga. Akanasankhanso bwino mmene mau osakila agwilila. Pali njila itatu: broad match imene imakoka chilichonse chofanana-fanana monga ukonde wa kapenta, phrase match imene imachepetsako, na exact match imene imagwila zimene mwachula kapena zofanana nazo kwambili. Akanaikanso malile a malo, kuti munthu wa ku Kitwe asadye ndalama za shopu imene siitumiza katundu kupitilila Kafue. Zonsezi ni nchito ya mau. Palibe kukwela padenga, palibe waya. Ni kudziwa mmene anthu akambila, na kudziwa amene simufuna kukamba naye.

Manje tifike pa kulemba kwenikweni, kumene ambili amati "ni tumau chabe". Masiku ano malonda a pa Google amalola mitu mpaka 15, mutu uliwonse zilembo zosapitilila 30, kuwelengela na mipata yomwe. Amalolanso mizele yofotokoza mpaka 4, uliwonse zilembo 90. Koma munthu wosakila saona zonsezo. Google imasankha mitu yosapitilila itatu na mizele yosapitilila iwili, n'kuisakaniza mmene yafunila. Ndiye kuti mutu uliwonse ufunika kuima paokha, ndiponso kugwilizana na mnzake aliyense amene angaikidwe pambali pake. Simungalembe chiganizo chimene chiyambila pa mutu woyamba n'kuthela pa wachiwili, pokhapo mutachikhomelela. Yesani kulemba zinthu 15 zosiyana, zoona zokhazokha, za shopu imodzi ya sola, chilichonse m'zilembo 30. Pofika pa chachisanu mudzayamba kubweleza "best" na "quality".

Ise a pa wailesi tidziwa ululu umenewu. Wamalonda amabwela na pepala lodzala mbali zonse: mbili ya kampani, dzina la mwini wake, katundu yense mpaka misomali, vesi la m'Baibo, na manambala atatu a foni. Afuna zonse zilowe m'masekondi 30. Nchito yathu ni kumukhumudwitsa mwaulemu, kumuuza kuti womvela ali mu minibasi, kondakitala akukuwa, ndipo adzakumbuka chinthu chimodzi chabe. Kusankha chinthu chimodzicho ndiyo nchito. Kudula ndiyo nchito. Pa Google nkhani ni yomweyo, kungoti mpeni ni wakuthwa kwambili. Ndipo zizolowezi zathu zina za pa wailesi sizisewenza kumeneko. Kwa ise nambala ya foni timaichula katatu. Google siilola nambala ya foni m'kati mwa mau a malonda, ili na malo ake ake oikapo nambala. Kulemba FREE na zilembo zikuluzikulu kapena kundandalika zizindikilo zokuwa kungachititse kuti malonda akanidwe. Kukuwa kumene timadalila pa msika wa Soweto kulibe nchito kumeneko.

Pali chinanso chimene chimatiwawa. Chinyanja sichili pa ndandanda ya zinenelo zimene Google Ads imalola kulembelamo malonda, olo kuti Google Translate inaika Chichewa kale mu 2014. Ndiye malonda timalemba m'chingelezi. Ena amati izi zionetsa kuti aliyense wodziwa chingelezi angalembe, olo munthu wa ku Manila kapena ku Nairobi amene mwamupeza pa Fiverr. Ise tikana. Chingelezi chimene mai wa ku Chawama amalemba pa foni yake ni Chinyanja chovala jekete. Saganiza za "renewable energy solutions". Aganiza za nyama imene iwola mu filiji, na ana amene afuna kuonelela TV. Amalemba inverter for fridge and tv price. Wolemba wabwino ni uja amamva Chinyanja chimene chili kumbuyo kwa chingelezicho. Luso limeneli lili na ise, amene tinakulila m'makomboni, ndipo ndilo limene tikulipeleka kwaulele.

Mdala wa ku Kamwala tinamulumikiza na mnzathu wina wa pa wailesi, mtsikana amene amalemba malonda athu ambili ndipo anaphunzila za Google Ads payekha. Chinthu choyamba chimene anachita si kulemba. Anakhala mu shopu Chiwelu chiwili motsatizana, pa kampando pafupi na kauntala, kumvetsela. Anapeza kuti palibe kasitomala amene anafunsa ngati shopuyo ni "number one". Ambili anafunsa zitatu. Kodi izayendetsa filiji na TV usiku wonse? Kodi batile ni yeniyeni kapena ni ija imafa pa miyezi itatu? Kodi mubwela kumanga mweka kapena nisakile wina? Mitu yake inachoka pamenepo. Umodzi unali Runs Fridge & TV All Night, zilembo 26. Koma asanaulembe anafunsa mdala kuti ni seti iti imene ichitadi zimenezo, na filiji ya saizi yanji. Mdala anayamba kuzungulila. Mtsikanayo anakana kulemba mpaka anamuonetsa seti yake, ndipo malonda analoza pa peji ya seti imeneyo, osati pa peji yoyamba ya webusaiti pamene panali chithunzi cha mdala atavala suti.

Kukana kumeneko n'kofunika kuposa mitu yonse 15. Mwana wa mlongo wanu sangakukanileni, ni mwana. Munthu amene simumulipila sangakukanileni, alibe chifukwa chovutikila. Koma bodza pa malonda lili na mtengo. Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limaletsa kunamiza ogula, ndipo CCPC ilipo kuti ilandile madandaulo. Olo CCPC isakupezeni, kasitomala amene filiji yake yazima 02:00 adzakupezani, ndipo adzakulembani pa Facebook na dzina la shopu.

Tidziwa zimene ena mwa inu mukamba. ChatGPT ilipo kuchoka mu November 2022, ndipo ingalembe mitu 15 m'masekondi ochepa, kwaulele. Google nayonso imakupatsani mitu yake yokonzelatu. Zoona, ndipo ise timazisewenzetsa, sitibisa. Zimathandiza kuwelenga zilembo na kupeleka njila zina zokambila chinthu chimodzi. Koma ifunseni za shopu ya sola ku Lusaka, mudzaona zimene idzakupatsani: Affordable Solar Solutions, Power Your Home Today, Trusted Solar Experts. Ni zimenezo zimene idzapatsanso shopu yoyandikana na yanu, na ina ya ku Cairo Road. Malonda anayi pamwamba pa peji, onse akamba chimodzi, monga ma kondakitala anayi akukuwa "Town! Town!" pa siteshoni imodzi. Makina sanakhale pa kampando ku Kamwala. Sadziwa kuti mantha a kasitomala wa kuno ni batile yabodza. Mukaiuza, idzalemba bwino. Koma wina afunika kudziwa kaye kuti aiuze, ndipo winayo ndiye tikamba kuti alipidwe.

Ena amati makasitomala athu sali pa Google, ali pa Facebook, pa TikTok na pa WhatsApp. Apa sititsutsa kwambili. Ngati mugulitsa salaula, makeke, mawigi kapena vitenge, anthu amagula na maso, ndipo chithunzi chabwino pa sitetasi chingakuchitileni zambili kuposa Google. Malonda osakila amasewenza pamene munthu ali kale na vuto ndipo akufuna wolithetsa: filiji yafa, paipi yaphulika, afuna woboola chitsime, afuna loji ku Livingstone, afuna sukulu yophunzitsa kuyendetsa motoka. Ndipo apa pali mayeso abwino kwambili a munthu amene mufuna kumulemba nchito. Wolemba woona mtima nthawi zina adzakuuzani kuti, "Bosi, bizinesi yanu siifuna Google, musatayepo ndalama." Amene akamba zimenezo, mugwileni na manja awili.

Tisaname kuti mlandu wonse uli kwa amalonda. Mbali ina ili kwa ise. Pa Facebook padzala anyamata a msinkhu wathu amene alemba pa mbili yawo kuti digital marketing guru. Anaonelela mavidiyo atatu pa YouTube, anapanga logo, basi. Amalonjeza kuti "nizakuikani number one pa Google." Palibe munthu angalonjeze zimenezo moona, chifukwa okushoni imachitika mwatsopano pa kusakila kulikonse, ndipo amene ali pamwamba m'mawa angakhale pansi madzulo. Amabweletsa lipoti ya mwezi yodzala manambala akuluakulu: anthu masauzande anaona malonda, mahandiledi anadiniza. Mdala amagwedeza mutu mokondwa. Koma kiliki si kasitomala. Kiliki ni ndalama imene yatuluka. Funso ni limodzi: ni angati anaimba foni, ni angati analemba pa WhatsApp, ni angati anagula? Guru amene sangayankhe funso limeneli akugulitsani utsi.

Choipa kwambili ni aja amatsegula akaunti ya malonda m'dzina lawo, na imelo yawo, osapatsa mwini bizinesi njila yolowela. Amalandila ndalama pa mobile money, n'kunena kuti zonse zapita ku Google. Zingati zapitadi, adziwa yekha. Tsiku mukayambana, amapita na akaunti, na mbili yonse ya mau amene anasewenza na amene sanasewenze, zimene munagula na ndalama zanu. Anthu otele ndiwo amachititsa kuti mdala akamva mau akuti copywriter agwile thumba. Amationongela msika tonse. Ngati ndiwe mmodzi wa iwo ndipo ukuwelenga, Google ili na maphunzilo aulele pa Skillshop, na mayeso ake. Bandulo imene umathela pa mavidiyo a "passive income" ingakwanitse. Koma dziwa kuti satifiketi ija imaphunzitsa mabatani, siiphunzitsa kumvetsela. Kumvetsela ukaphunzile pa msika.

Ndiye inu amene muli na shopu, galaji, saluni kapena loji ndipo mufuna kulemba munthu wa nchitoyi, musayambe na kumufunsa kuti ali na ma follower angati. Muuzeni za bizinesi yanu mwachidule, ndiyeno khalani chete, muone zimene adzafunsa. Wabwino adzakuvutitsani na mafunso. Ni katundu uti umakupatsani phindu lalikulu? Ni makasitomala ati amene simuwafuna? Mumafika mpaka kuti? Ndani amayankha foni, ndipo amayankha nthawi yanji? Funso lomalizali ambili amalipeputsa. Mungalembe malonda abwino kuposa onse mu Zambia, koma ngati foni ili na mtsikana amene amayankha "halo, ni ndani?" kapena meseji ya WhatsApp imagona masiku awili, ndalama yapita. Wolemba amene safunsa za foni saganiza za malonda anu, aganiza za mitu yake.

Akaunti ikhale m'dzina lanu, na imelo yanu, na khadi lanu. Iye mumupatse chilolezo cholowa, chimene mungachotse tsiku lililonse. Ndalama ya Google ipite ku Google, ndalama ya wolemba ipite kwa wolemba, zisasakanizike mu envulopu imodzi. Mlungu uliwonse, makamaka poyamba, khalani naye pansi muone lipoti ija ya mau amene anthu analemba. Siifuna digili. Mukaona planets mudzadziwa mwekha kuti pali vuto. Ndipo musachite mantha mukaona kuti tsiku lina ndalama yatuluka yambili kuposa bajeti ya tsiku. Google imalola kuti tsiku limodzi ifike mpaka kuwilikiza kawili, koma pa mwezi siipitilila bajeti ya tsiku kuchulukitsa na 30.4. Wolemba wanu afunika kukuuzani zimenezi musanayambe, osati mutakwiya kale.

Pa nkhani ya malipilo tili na mau amphamvu. Chizolowezi chopempha "sample" chithe. Mwaitana achinyamata asanu, aliyense alembe mitu 15 kuti muone luso, ndiyeno simulemba aliyense, koma mitu 75 muli nayo m'foni. Kumeneko ni kuba, olo muchite mutavala tai. Ngati mufuna kuyesa munthu, mupatseni kanchito kakang'ono, katundu mmodzi, milungu iwili, ndipo mumulipile. Musamuuze za exposure. Malonda a pa Google salembedwa dzina la wolemba, ndiye exposure yake ni iti? Thumba la bulekifasiti siligulidwa na exposure, ndipo landilodi wa ku Matero saidziwa.

Tichenjezenso za kulipila wolemba na peresenti ya ndalama zimene mwaika ku Google. Njilayi ni yofala, ndipo makampani akuluakulu amaisewenzetsa. Koma pa bizinesi yaing'ono ili na msampha. Mukamulipila motelo, iye amapindula mukataya zambili. Nchito yake yabwino kwambili, yochotsa ana a homuweki na ofuna nchito, imachepetsa ndalama zimene mutaya, ndiye imachepetsanso malipilo ake. Mwamuika pa mayeselo amene m'busa yemwe angagwepo. Gwilizanani mtengo wa kukonza koyamba, umene uyenela kukhala waukulu chifukwa m'mene muli kumvetsela, kusankha mau na kulemba. Ndiyeno gwilizanani ndalama ya mwezi yoyang'anila na kusintha. Malonda awa si chikwangwani chimene mupenta kamodzi n'kuiwala. Mitu imene siikoka ifunika kuchotsedwa, mau okana amawonjezeka mlungu na mlungu, ndipo nyengo ikasintha nkhawa za anthu zimasintha. Malaiti atayamba kukhalitsa, funso la "usiku wonse" linachepa mphamvu, anthu anayamba kufunsa za kuchepetsa ndalama za mayuniti.

Sitichula mtengo pano, chifukwa shopu ya ku Kamwala na loji ya ku Livingstone si chimodzi. Koma muyezo ulipo. Mumadziwa zimene mulipila wopenta chikwangwani, ndipo simumuuza kuti ni tuzilembo chabe. Mumadziwa zimene mulipila mnyamata woimilila pakhomo kuitana makasitomala. Wolemba malonda a pa Google amachita nchito ya onse awili, ndipo amasankhanso amene aloledwe kulowa pakhomo limene munthu aliyense wolowa amakudyelani ndalama. Walila mvula walila matope. Ngati mwasankha kulipila pa kiliki, mwasankhanso kulipila woyang'anila kilikiyo.

Ndipo kwa anzathu olemba, amene muli pa mawailesi, m'magulu a masewelo, amene mumalemba ma caption a anzanu oimba na mapositala a tchalitchi: lekani kuchita manyazi pochula mtengo. Ise tidziwa matenda amenewa bwino, chifukwa takhala zaka tikulemba malonda amene amabweletsa ndalama, ise n'kulandila ya transipoti. Tinazolowela kuganiza kuti chimene chimatuluka m'mutu n'chaulele, chokhala na mtengo ni chimene chili mu katoni. Mukalandila bandulo monga malipilo, simudzipweteka mwekha chabe. Mwaika mtengo wa msika, ndipo mnzanu amene adzabwela mawa kudzapempha ndalama yeniyeni adzauzidwa kuti "uja anachita na bandulo."

Mnzathu uja anachula mtengo wake kwa mdala ali chiimile, osaseka. Mdala anagwila pachifuwa monga wamva uthenga wa malilo. Anati ni mwana wa m'tchalitchi, anati Mulungu adzamudalitsa, anati ampatse katochi ka sola. Mtsikanayo anati katochi ali nako kale. Anakambilana pafupifupi ola lathunthu, mpaka mdala anatumiza hafu pa foni, hafu ina pakutha kwa mwezi, ndipo anatumizadi. Foni ya pa shopu inayamba kulila. Si tsiku lililonse, ndipo si onse oimba amene anagula, koma oimbawo anali kufunsa za mainvata, osati za nchito.

Tinakumana nawo pa Sondo ina titatuluka m'mapemphelo. Tinawafunsa mmene malonda ayendela. Anati ayenda bwino, Mulungu ni wabwino. Ndiyeno anatsitsa mau n'kutiuza kuti anaziwelenga bwinobwino zimene mtsikana uja analemba, ndipo ni tumau tochepa maningi, mwana wa mlongo wawo akanakwanitsa.